Kabawi wa Amuna Anga

Amuna anga atapuma ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi, ine ndinati basi, tsopano ndapeza wondithandiza kupalira nandolo. Ndinadzinamiza. Mwana wathu amene ali ku Joni anawatumizira kamera, ati kuti bambo ake asamasowe chochita pakhomo, ndipo kuyambira tsiku limenelo khasu lawo linayamba kuchita dzimbiri kuseri kwa chitseko.

Sinali kamera yoseweretsa ana. Inali yakuda, yolemera, ya mphuno yaitali ngati musi. Anthu a m'mudzi atangoiona anasangalala, poti kwathu kuno zinkhoswe sizitha, ndipo wojambula tinkachita kukamutenga ku Chonde. Koma eni kamera anakana kwamtuwagalu. Ati anthu amavuta: ayambe asamba, adzole, asinthe chitenje, kenako akaona chithunzi ayambe kudandaula kuti sanaoneke bwino. "Mbalame sizifunsa kuti taoneka bwanji," anatero. Matenda a mbalamewa anakawatenga ku Chambe. Anakwera phiri ndi anzawo a kutchalitchi, n'kukapeza alendo atagona chafufumimba pa udzu pafupi ndi nyumba yogonamo okwera phiri, akujambula akhungubwe. Anabwerako akutsimphina, mawondo atatupa, koma pakamwa pali mbalame zokhazokha.

Mudzi wathu uli kumunsi kwa Chambe. Ukakhala pakhonde pathu, thanthwe lija limangokhala pamaso pako ngati khoma la nyumba ya aneba. Ine ndinabadwira pompano, mng'ono wanga nyumba yake ili kuseri kwa nthochi zathu, ndipo amuna anga anachita kubwera kuchokera ku Thuchila kudzakhala chikamwini. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti chilichonse chimene iwo angalakwitse pamudzi pano, mlandu wake umafikira ine, poti ndine ndinawabweretsa.

Anayamba ndi madeya anga. Pakati pa bwalo lathu pali chitsa cha mango amene tinadula atayamba kuopseza denga. Anachisalaza bwinobwino ndi chikwanje, n'kumathirapo madeya m'mawa uliwonse, iwo n'kukhala pa mpando wa ndalema pakhonde, kamera ili pamwendo. Chitsacho anachikonda chifukwa ukachijambula uli pakhonde, kumbuyo kwake kumatuluka phiri lonse. Zinabwera njiwa, zinabwera mpheta, apumbwa, ndi tina tokongola timene ine ndakalamba pamudzi pano osatidziwa dzina. Sindinama, poyamba nanenso ndinkaima ndi tsache m'manja kumaonerera. Koma kumene kuli madeya a ulere sikubwera mbalame zokha. Makoswe anamva, n'kuyamba kuyenda pabwalo dzuwa likuswa mtengo, kuchoka pachitsa kulowa m'nkhokwe, opanda ndi mantha omwe. Nditadandaula anandiuza kuti vuto langa ndimaona zoipa zokhazokha m'chilengedwe.

Ine nkhawa yanga sinali makoswe kwenikweni. Inali nkhuku za mayi anga. Mayi sanatisiyire zambiri: munda, mtondo wong'aluka, ndi nkhuku za kameta, zija zopanda nthenga m'khosi. Mbewu yake anachita kukaitenga okha kwa abale awo kutsidya kwa Muloza, ku Mozambique, atangokwatiwa kumene, ndipo anaisunga moyo wawo wonse osaidula. Ankazikalipira m'Chilomwe, ati Chichewa sizimva. Nkhuku zimenezi si zokongola ayi, mlendo akaziona amafunsa ngati zikudwala. Koma ine ndikaona kakhosi kofiira kaja kakusuzumira pakhomo la khitchini, ndinkamva ngati mayi angopita kudimba, abwera posachedwa.

Chaka chimene kamera inafika, chitopa chinasesa mudzi wonse. Kwa mng'ono wanga za kameta zinatha psiti, moti anachita kukagula nkhuku wamba kumsika kuti ayambirenso. Kwa ine kunatsala thadzi limodzi, lokalamba, loyenda ngati likumva nyamakazi. Ndinkati lasiya kuikira. Koma linadzikakamiza, linaikira mazira ochepa, n'kufungatira, n'kuswa. Anapiye ena anatengera tambala wa kwa mng'ono wanga, koma atatu anatuluka ndi makosi osalala ngati chala. Thadzilo linawayendetsa milungu ingapo, kenako m'mawa wina ndinalipeza litauma m'khola. Mbewu yonse ya mayi anga inatsalira m'tianapiye timeneti, topanda ndi mapiko omwe obisalamo.

Tsono kwathu kuno tinali ndi nzeru yathu yotetezera anapiye kwa kabawi. Tinkagula jivi, mankhwala a pepo aja opaka ana zilonda za m'kamwa, n'kusungunula m'timadzi pang'ono, n'kupaka anapiye kumsana. Kabawi akamayang'ana ali m'mwamba amafuna kanthu koyera kapena kachikasu kothamanga. Akaona tapepo tikuyenda amasokonezeka, amazungulirazungulira, n'kupita. Kaya amayesa maluwa, kaya amayesa poizoni, sindinamufunsepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti zinkagwira ntchito. Nyengo yotentha ikayamba, imene akabawi amafika, ukadutsa m'mudzi mwathu unkaona anapiye a pepo mbwee pakhomo lililonse, ndipo Lamulungu amayi tonse tinkalandira mgonero ndi zala za pepo. Anga aja ndinawapaka onse, a kameta ndi anzawo omwe.

Kabawi woyamba chaka chimenecho anafika chiperoni chitangotha. Chinamukoka ndi chitsa chija, poti timbalame tikamasonkhana malo amodzi tsiku ndi tsiku, wotidya sachedwa kudziwa. Nditaona mthunzi wake ukudutsa pabwalo ndinachita chimene mayi aliyense amachita, kukuwa ndi kumenya beseni. Amuna anga anadzuka pa mpando ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Amayi, chonde! Mwamuthamangitsa!"

"Nanga mumafuna ndimupatse mpando?"

"Simunaone mmene amaupindira mchira? Imene ija ndiye mbalame yeniyeni, osati timpheta iti."

Munthu wobadwira ku Thuchila, wokulira pakati pa nkhuku, akuyamikira kabawi ngati mwana woona ndege koyamba. Koma abale!

Vuto linali lakuti kabawi sankatsika. Ankangozungulira m'mwamba, ndipo pa chithunzi ankatuluka kadontho ngati chitosi cha ntchentche. Amuna anga anakhala masiku angapo akung'ung'udza, kenako anakwera njinga kupita ku Chonde. Anabwerako ndi kajumbo ka mitsempha ndi mafuta zimene ogulitsa nyama amataya. Ine ndinkayesa agulira galu. Ayi ndithu, anakaziyala pachitsa, n'kubwerera pa mpando wawo.

"Abambo, mukudziwa chimene mukuchita? Mukuitanira kabawi pakhomo pamene pali anapiye."

"Ganizani bwino, amayi. Ndikamamudyetsa ine azikhuta, ndiye anapiye anuwo aziwasiya. Ndikukuthandizani."

"Inu mukakadya kuukwati mumasiya kudya kunyumba kuno?"

Anaseka, n'kunena kuti ndimachita nthabwala pa nkhani za sayansi. Amuna anga akafuna kundigonjetsa amatchula sayansi, ngakhale kuti ine ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambirimbiri pamene iwo ankalemba makilogalamu a tiyi.

Sipanapite nthawi, kabawi anazolowera. Dzuwa likangokwera pang'ono ankatulukira cha kuphiri, kuzungulira kawiri katatu, kenako psuu! wanyamula, wapita. Kamera inkangoti tcha-tcha-tcha. Anayamba kumutchula kuti mlendo wanga. Akachedwa kufika, ankayang'ana wotchi. Ine ndikachedwa kuchokera kuchigayo sanayang'anepo wotchi ngakhale kamodzi. Chimene chinkanditonthoza n'chakuti jivi wanga anali kugwira ntchito. Kabawi ankadutsa pamwamba pa anapiye anga ngati sakuwaona, n'kulunjika pachitsa.

Ndiye tsiku lina mwanapiye mmodzi, mwa wamba aja, anagwera m'beseni la madzi n'kufa. Manja anga anali ndi sopo, ndinali pakati pochapa, choncho ndinauza amuna anga kuti akamutaye kudzenje la zinyalala n'kukwirira. Anati chabwino. Masana ake anabwera kukhitchini akumwetulira, kudzandionetsa chithunzi pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Kabawi anali atatambasula mapiko, Chambe ili kumbuyo, ndipo m'zikhadabo munali kanthu ka pepo.

"Aka kapepoka n'chiyani?"

"Aaa, kanali kakufa kale."

"Ndafunsa kuti n'chiyani."

Anafotokoza mosachita manyazi n'komwe. Ati nyama ya kubutchala imaononga chithunzi, aliyense amaona kuti yachita kudulidwa ndi mpeni, koma kabawi akagwira kanthu ka nthenga, chithunzi chimaoneka chenicheni, ngati wagwira yekha m'tchire.

"Mwamulawitsa wa jivi? Mudzi wonse takhala tikumunamiza kuti zapepo sizidyedwa, inu mwakamuikira patebulo kuti alawe?"

"Musakokomeze, amayi. Kamutu ka mbalame n'kakang'ono, sikangasunge za mitundu."

Kamutu kakang'ono komweko kanali katasunga kale nthawi ya chakudya ndi chitsa chodyerapo, koma iwo zimenezo sankaziona. Pambuyo pake ndinadzamva kuti sanalekere pomwepo. Anakapempha mng'ono wanga kuti mwanapiye akafa kwake asamataye, aziwapatsa. Iye anawapatsadi kangapo, onse a jivi, akuganiza kuti alamu ake ayamba zamankhwala, ndipo anachita manyazi kufunsa, n'kuopanso kundiuza.

Woyamba kulira anali iye yemweyo. M'mawa wina anatulukira m'nthochi atamanga chitenje m'chiuno ngati akupita kukamenya munthu.

"Achemwali, kabawi wa alamu wandidyera anapiye. Dzulo mmodzi, lero wina. A jivi! Ndinapaka ndekha ndi manja angawa!"

Anatembenukira kukhonde. "Alamu, chiweto chanucho muzichimangirira."

Alamu ake anayamba kufotokoza kuti sitingatsimikize kuti ndi kabawi yemweyo, poti akabawi amafanana. Ine ndinawauza kuti akhale chete asanawonjezere moto.

Dzinalo linakakamira. Mudzi wonse unayamba kunena kuti kabawi wa akamwini a kwa aphunzitsi. Ndipo sanakhale yekha, anzake anaona mmene akudyera n'kumutsatira. Jivi uja amene ankabisa anapiye anasanduka chowaonetsa, poti pa dothi lathu lofiirali kanthu ka pepo kamaonekera kutali. Amayi anayesa kusambitsa anapiye awo ndi sopo, koma amene anagwirapo jivi akudziwa kuti sachoka ndi kutsuka, amatha yekha akafuna. Ndikafika pamjigo nkhani inkaduka. Mayi wina, amene ndinamuphunzitsira ana ake onse, anandifunsa mokoma mtima kwambiri ngati abambo akunyumba ayambanso kuweta njoka, kuti adziwiretu. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani, koma ndinafika kunyumba mutu ukugunda.

Amuna ena a m'mudzi anabwera ndi nzeru yawo. Anati poti kabawiyo anazolowera chitsa chathu, tiikepo nyama yothira mankhwala a makoswe, nkhani ithe. Amuna anga anatuwa. Anachonderera kuti mbalameyo sinalakwe, kuti nyama ya poizoni adzadyanso makwangwala, agalu, mwina ndi mphaka wa munthu. Pamenepo, ngakhale ndinali nditawapsera mtima, ananena zoona. Kabawi sanabwere kudzapempha. Anachita kuitanidwa, n'kuphunzitsidwa, ndipo anakhoza bwino zimene anaphunzira. Kumupha pachitsa pomwe ankadyetsedwa kukanakhala nkhanza ina pamwamba pa uchitsiru. Ndiye taonani zimene zinandigwera: ine, mwini anapiye, ndinaima pakhomo panga kuikira kumbuyo kabawi pamaso pa abale anga, chifukwa cha mwamuna amene ndinkafuna kumuponya m'chitsime. Ndinalonjeza m'malo mwawo kuti pachitsa sipadzaikidwanso kanthu, kaya nyama, kaya madeya.

Anasungadi lonjezo, ndisawanamizire. Anatsuka chitsa ndi madzi otentha. Koma kabawi sanauzidwe kuti hotela yatsekedwa. Nthawi yake ikakwana ankafika, kuzungulira pamwamba pa bwalo, kutsika pafupi, kulira kamawu kake kosongoka kaja. Amuna anga ankakhala pa mpando nkhope ili khuma.

"Akundidikira. Ndamuzoloweza, tsopano ndangomusiya."

"Mukangomupatsa kanthu, mukagone naye pachitsa pomwepo."

Sanamupatse. Ndipo kabawi wanjala, wozolowera kudya pabwalo pathu, sakanapita kwina kukayamba moyo watsopano. Apa m'pamene ndinaona kuipa kwa chinthu chimenechi: kumudyetsa kunali kulakwa, kumusiya kunalinso ndi mtengo wake, ndipo wolipira anali anapiye.

Anga ndinawavundikira m'dengu lalikulu, n'kusanjika mwala pamwamba. Koma mwanapiye si mbatata yoti ungaisunge m'dengu. Amafuna dzuwa, amafuna kupalasa. Wa kameta mmodzi anayamba kufooka miyendo, n'kufa momwemo. Wina anapulumuka pamene ndinkasintha madzi, anathamanga pang'ono chabe, ndipo ndisanaweramuke n'komwe anali m'mwamba. Wamba aja sindinawalire kwambiri. Pomaliza ndinatsala ndi wa kameta mmodzi, ndipo mwamwayi kanali kamsoti.

Kamsoti kameneka ndinakalera ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. M'mawa uliwonse ndinkakatulutsa kuti kaothere dzuwa ndi kupalasa pansi pa mandimu, ine nditaima pambali ndi nsungwi yomangirira jumbo kunsonga, maso ali kumwamba mpaka khosi kuwawa. Kanayamba kumera nthenga zenizeni, jivi anayamba kuzilala, kungotsala kamzere kumsana. Ndinkadziwa kuti kakangopirira milungu ina yochepa kadzalemera, kabawi sadzathanso kukanyamula. Ndinali nditaganiza kale kuti mazira ake oyamba ndidzagawana ndi mng'ono wanga, kuti mbewu ya mayi isadzakhalenso m'khola limodzi.

Tsiku limenelo kunacha bwino, kopanda mtambo. Ndinali nditangotulutsa kamsoti kaja pamene mng'ono wanga anaitana kuseri kwa nthochi kuti ndikamutule mtolo wa nkhuni, khosi likumupweteka. Kukathamangitsa kamsoti kuti kalowenso m'dengu inali ntchito, ndipo amuna anga anali pompo pakhonde.

"Abambo, kameta uyo ali pa mandimu. Mukangoona mthunzi, mukuwe. Sindikukupemphani zambiri, kukuwa kokha."

"Pitani, ndilipo."

Kamera inali pamwendo pawo. Ndinaiona, ndipo mtima unandiuza kanthu, koma mng'ono wanga anaitananso.

Sindinachedwe. Ndinamutula, sindinayankhe ndi moni womwe, n'kubwerera. Nditatulukira m'nthochi ndinaona amuna anga ataimirira. Kamera inali kumaso, mphuno yake yaitali ija italoza kumwamba, ikutsika pang'onopang'ono, mosamala, ikutsatira chinthu. Pakamwa pawo panali potseka. Pamudzi ponse panalibe munthu wodziwa kabawi uja kuposa iwo. Ankadziwa kuzungulira kwake kongoyendera, ankadziwanso mmene amapendekera akaganiza zotsika. Anamuona kalekale. Nthawi yokuwa inalipo, yomenya beseni inalipo, ngakhale yotsika pakhonde kukaima pa mandimu inalipo.

Ndinakuwa ine, ndikuthamanga, koma mawu anga anafika mochedwa. Ndinamva mphepo ya mapiko, kulira kamodzi kokha kakang'ono, ndi tcha-tcha-tcha-tcha. Kenako kabawi anali akukwera kulunjika ku Chambe, kamzere ka pepo kakulendewera kunsi kwake, mpaka ndinalephera kusiyanitsa mbalame ndi thanthwe.

Amuna anga anatsitsa kamera n'kutembenuka. Chimene chinandivuta kukhululuka kuposa zonse ndi ichi: chimwemwe chinali chisanathawe pankhope pawo. Chinathawa atangondiona, koma ine ndinali nditachiona kale.

"Amayi... ndimati ndikuwe. Chala chinangodina chokha."

"Chala! Nanga pakamwa panali patagwira ntchito yanji? Pakamwa mumajambulira?"

Zina zimene ndinanena sindizilemba, poti ndimapemphera. Ndinakhala pansi pa dothi pafupi ndi mandimu n'kulira mokweza, moti mng'ono wanga anabwera akuthamanga kuyesa kwagwa maliro. Ataona dengu lopanda kanthu sanafunse. Anakhala pambali panga, nayenso n'kuyamba. Tinalira mayi athu kachiwiri tsiku limenelo, azimayi awiri aimvi, chifukwa cha kamwanapiye kosakwana ndi ndiwo zomwe. Amuna anga anangoima pakhonde, kamera ikulendewera pakhosi, osadziwa poika manja.

Masiku angapo ndinkangowayankha eya ndi ayi. Iwo, posowa wowayamikira, anatumiza chithunzicho kwa mwana wathu, ndipo iye anachiika pa gulu la pa foni la anthu okonda kujambula mbalame. Amuna anga anayembekeza kuomberedwa m'manja. M'malo mwake anthuwo anafunsa za mtundu wa pepo uja. Atafotokozeredwa za jivi, za chitsa ndi za nyama ya ku Chonde, anati zimenezo sizololedwa pakati pa ojambula enieni, ati mbalame yolusa saiikira nyambo, chifukwa imasiya kuopa anthu, imasintha kadyedwe, ndipo mapeto ake imaphedwa. Chithunzi anachichotsa. Amuna anga anabwera kukhitchini ndi foni m'manja, maso ali ofiira, kudzandiwerengera zonsezo pang'onopang'ono, akumasulira m'Chichewa, ngati nkhani yachilendo yochokera kutali.

"Akunena zoona, amayi. Ndinalakwitsa."

Ha! Zimene ndinawauza ine pakhomo pano, mobwereza mpaka mawu kusasa, zinali nthabwala. Zinachita kufunika anthu osawadziwa, m'Chingerezi, pa foni, kuti zisanduke sayansi. Ndinawauza kuti akawathokoze anzawowo, ndipo awafunsenso ngati ali ndi nkhuku ya kameta yochokera kutsidya kwa Muloza.

Iwo ankadzitonthoza kuti tsiku lomalizalo sanaike nyambo, kabawi anagwira yekha. Mwina. Koma ine ndimati kamsoti kanga kanali nyambo ndithu. Sanakamangirire pachitsa, koma anakaona kali poyera, anaona kabawi akutsika, n'kusankha kudikira. Kusiyana kwake ine sindikuona.

Patapita milungu ingapo anakwera minibasi kupita ku Limbe osanena chimene akukachita. Anabwerako ndi chinthu chafulati chokulungidwa m'nyuzipepala, n'kuchiika pamwendo panga ndili pamkeka kusankha nyemba. Amuna anga sadziwa kupepesa ndi pakamwa, amapepesa ndi katundu. Nditafunyulula ndinapeza chithunzi chija, chotsukidwa chachikulu, chili m'felemu ya galasi.

"Mwandibweretsera chiyani ichi? Mukufuna ndizionera tsiku lililonse mmene munandiphera nkhuku?"

"Ndinaganiza kuti mwina... kakuoneka bwino. Kameta wanuyo."

Ndinachikweza m'mwamba kuti ndichiphwanye pa mwala wa khonde. Ndikunena zoona, manja anali atakwera kale. Koma maso anagwera pa kamsoti. Kamera ija ndi yankhanza, siisiya kanthu. Kakhosi kofiira kaja kanatuluka bwinobwino, ndi timakwinya take, ndi kanthenga kamodzi kotsalira pansi pa mlomo monga zinkakhalira nkhuku zonse za mayi. Mayi anga sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse, ankati alibe nthawi yoima chilili ngati chitsa. Nkhuku zawo zinayenda pabwalo pano zaka zonsezo, ndipo miyezi yambiri zinayenda pamaso pa kamera yodula imeneyi, koma palibe ndi tsiku limodzi limene eni kamera anaganiza zoziloza. Zinali nkhuku chabe. Chithunzi chokhacho cha mbewu ya mayi anga padziko pano ndi chimenechi, ili m'zikhadabo za kabawi. Ndinatsitsa manja, ndinalowa nacho m'nyumba, ndipo sitinakambiranenso za icho.

Pamudzi pano masiku ano palibe amene amapaka anapiye jivi. Wabwerera ku zilonda za m'kamwa. Ana a akabawi aja kaya anauzidwa ndi makolo awo, kaya n'chiyani, koma amene anayesanso chaka chotsatira anangowononga mankhwala. Amayi amalera anapiye m'madengu ndi m'timakola ta nsungwi, ntchito yowirikiza, ndipo akatopa amakumbukira amene anawabweretsera. Amuna anga amajambulabe, koma amapita okha m'mphepete mwa minda ya tiyi, kukabisala m'tchire maola ambiri, n'kubwerako ndi zithunzi za timadontho. Amati n'zimene zili zoona. Anandigulira nkhuku ziwiri za kameta kumsika wa ku Thuchila. Ndi nkhuku zabwino, zimaikira bwino, ndimazidyetsa. Koma si za mayi anga, izi zimamva Chichewa.

Chaka chilichonse kukayamba kutentha, kabawi amatulukira cha kuphiri n'kudzazungulira pamwamba pa chitsa chathu. Kaya ndi yemwe uja, kaya ndi mdzukulu wake. Woyamba kumuona amakhala amuna anga. Amadumpha pakhonde ndi mawondo awo otupawo, kutola beseni, kumenya, kukuwa mpaka agalu a mudzi wonse kuyamba kuuwa, ngakhale pabwalo palibe mwanapiye ndi mmodzi yemwe. Mng'ono wanga amaseka kuseri kwa nthochi. Ine sindiseka, sindiwaletsanso. Ndimawasiya akuwe.

Chithunzi chija iwo amaganiza kuti ndinachitaya. Chili kuseri kwa kabati, chitayang'ana kukhoma. Akatenga kamera yawo n'kutuluka, nthawi zina ndimachisolola, ndimachipukuta fumbi ndi chitenje, n'kukhala nacho pabedi. Ndimaphimba kabawi ndi dzanja langa, kuti patsale kakhosi kokha.